Kanema wa pafoni amajambulanso mapu a nyumba

Phunziro la m'kope lino likukhudza masamu, jogalafe ndi chitetezo cha pakhomo. Funso lake ndi ili: munthu amene sanapondepo ku Nathenje, atangoonera makanema atatu kapena anayi amene mwana wajambula m'nyumba mwa makolo ake, angadziwe zochuluka bwanji za nyumbayo? Ambiri tingati angodziwa mtundu wa mipando ndi penti wa pakhoma. Zoona zake n'zakuti munthu wodekha, wokhala ndi pensulo ndi pepala, angathe kujambula mapu a nyumba yonse: pamene pali khomo lakumaso, chipinda chimene amagona atsikana, zenera lopanda zitsulo, ndi malo amene njinga yamoto imagona usiku.

Luso limeneli si la m'mafilimu, ndipo lidagwirapo ntchito m'boma lathu lomwe lino la Lilongwe. Mu February 2020 pa masamba a mchezo a ku China padafala kanema wa ana a ku Africa amene ankawayankhulitsa mawu a Chitchaina odzinyoza okha, anawo osadziwa tanthauzo lake. Kanemayo sankanena dziko kapena mudzi. Atolankhani a BBC Africa Eye, Runako Celina ndi Mmalawi mnzathu Henry Mhango, pamodzi ndi anzawo, adafufuza makanema ambirimbiri a mtundu womwewo. Sankayang'ana nkhope za ana zokha ayi, ankayang'ana zimene zinali kumbuyo kwa anawo, n'kumazifananiza ndi zithunzi zojambulidwa kuchokera mumlengalenga za pa Google Earth. Kafukufukuyo adawafikitsa ku Njewa, kunja kwa mzinda wa Lilongwe mumsewu wa ku Mchinji. Nkhaniyo itaulutsidwa mu June 2022, mwamuna amene ankajambula makanema oterewa m'deralo, Lu Ke, yemwe ana ankamutchula kuti Susu, adathawira ku Zambia. Adamugwira ku Chipata n'kumubweza kuno, ndipo mu July 2023 khoti lidamupeza wolakwa n'kulamula kuti achoke m'dziko muno.

Apa lusoli lidateteza ana. Lidathandizanso ku Cameroon, kumene kanema wa asilikali akuwombera amayi awiri ndi ana awiri adafala mu 2018, boma n'kumati ndi wabodza. Ofufuza adafananiza kaonekedwe ka phiri la m'kanemayo ndi mapu mpaka adapeza malowo pafupi ndi Zelevet, ndipo poyeza mithunzi ya asilikaliwo adaonetsa kuti zidachitika pakati pa 20 March ndi 5 April 2015. Mu 2020 asilikali anayi adalamulidwa kukakhala kundende zaka 10.

Koma mpeni umene umasenda mbatata ndi womwewo umene umacheka chala. Mu 2019 ku Tokyo, m'dziko la Japan, apolisi adamanga mwamuna wina amene adachita chipongwe mtsikana woyimba pakhomo la nyumba yake. Mwamunayo adafotokoza kuti adakulitsa zithunzi zimene mtsikanayo ankaika pa intaneti, n'kuona siteshoni ya sitima imene inkanyezimira m'maso mwake. Adaipeza siteshoniyo pa Google Street View, n'kukadikira pomwepo mpaka adamutsatira. Chipinda chenichenicho adachidziwa poonera makanema a mtsikanayo: mmene makatani adapachikidwira, ndi mbali imene kuwala kwa dzuwa kunkalowera. Mtsikanayo sadatchulepo pamene amakhala. Makatani ndi dzuwa ndi zimene zidamuulula.

Tsono tiyeni tione mmene mapu otere amapangidwira. Sitikuphunzira izi kuti tikazonde nyumba za anzathu ayi, koma kuti tizitha kuyang'ana kanema wathu ndi diso la mlendo tisanamutumize.

Choyamba chimene wofufuza amafuna ndi muyeso. Pafupifupi chitseko chilichonse cha m'nyumba zathu za njerwa n'chotalika mamita 2 kapena kuposerapo pang'ono. Ndiye ngati pa chithunzi chitsekocho chikutalika masentimita 8, ndiye kuti masentimita 4 alionse akuimira mita imodzi. Khoma limene pali chitsekocho likakhala masentimita 14 pa chithunzi chomwecho, khomalo ndi la mamita 3.5. A Fomu 2 azindikira kuti awa ndi masamu a sikelo omwe aja. Zimagwira bwino kamera ikayang'ana khomalo molunjika. Ikapendekeka, mbali yakutali imaoneka yaifupi, ndipo yankho limaphonya. Koma wofufuza ali ndi njira zina. Ngati pansi pali matailosi a masentimita 40, amangowerenga: matailosi 10 ndi mamita 4. Khoma losapaka pulasitala ndiye lili ngati lula, chifukwa njerwa zimawerengeka imodzi imodzi. Nyumba yopanda siling'i imaonetsa malata ndi mitanda, ndipo mitanda imasonyeza pamene makoma a m'kati adutsa. Ngakhale mapazi a wojambula amayeza. Munthu wamkulu akamayenda mwachizolowezi, phazi lililonse limakwana pafupifupi masentimita 70, choncho amene wayenda mapazi 6 kuchoka pabalaza kufika pakhomo la chipinda wayenda pafupifupi mamita 4.

Chachiwiri ndi kulumikiza zipinda. Kanema mmodzi amaonetsa pabalaza, ndipo pakona pakuoneka chitseko chobiriwira. Kanema wina wa mwezi wotsatira wajambulidwa kukhitchini, ndipo chitseko chobiriwira chomwe chija chikuoneka cha kumbuyo kwake. Basi, zipinda ziwirizo zalumikizana. Aliyense amene adasokapo chigamba amadziwa mmene tinsalu tosiyana timapangira chinthu chimodzi. Wojambula amaiwala zimene adaonetsa mwezi watha, pamene wozisunga saiwala. Galasi la pa kabati, TV yozima ndi zenera la usiku zimaonetsanso mbali ya chipinda imene kamera sinalozeko.

Chachitatu, ndipo apa tikhalitsapo pang'ono, ndi kudziwa kumene nyumba yayang'ana. Tonse tikudziwa kuti zenera limene limalowetsa dzuwa m'mawa lili kum'mawa, ndipo lamadzulo lili kumadzulo. Koma dzuwa limanena zambiri kuposa pamenepo. Nathenje ali pafupifupi madigiri 14 kumwera kwa Equator. M'miyezi yozizira ya June ndi July, dzuwa la masana limakhala chakumpoto kwathu, ndipo mthunzi umagwera kumwera. Cha pa 21 June, ndodo ya mita imodzi yoimika mowongoka imakhala ndi mthunzi wa pafupifupi masentimita 76 dzuwa likafika pakati. Cha pa 21 December dzuwa limakhala pang'ono chakumwera kwathu, mthunzi wa ndodo yomweyo n'kukhala pafupifupi masentimita 17 okha, utagwera kumpoto. Ndipo kawiri pachaka, chakumapeto kwa October ndi chapakati pa February, dzuwa limadutsa paliwombo penipeni, ndodo n'kutsala pang'ono kusowa mthunzi. Ndiye kachigamba ka dzuwa kamene kagwera pansi pabalaza kangauze munthu mbali imene zeneralo lili, nthawi ya tsiku, ngakhalenso nyengo ya chaka. Izi si zachilendo kwa ife. Ku madrasa tidaphunzira kuti nthawi ya Zuhr imalowa dzuwa likapendeka, ndipo ya Asr imadziwika poyeza mthunzi wa chinthu. Makolo athu ankawerenga mithunzi mawotchi asanabwere. Ofufuza a ku Cameroon aja ankachita zomwezo, kungoti ndi kompyuta.

M'nyumba za Asilamu muli kampasi ina imene ena alibe. Kuchokera kuno, Qibla ili pafupifupi madigiri 10 kum'mawa kwa kumpoto, kutanthauza kuti tikamaswali timakhala tayang'ana kumpoto, titapendekera pang'ono kudzanja lamanja. Mkeka woswalira ukaoneka woyalidwa m'kanema, aliyense wodziwa izi wadziwa kale kumpoto kwa chipindacho, ndipo makoma ena onse atsatira. Sola ya padenga nayo kawirikawiri imayang'ana kumpoto, chifukwa n'kumene dzuwa limakhalitsa m'dziko lathu.

Kenako wofufuza amasuzumira pazenera pamodzi ndi kamera. Dera lathu lili ndi zizindikiro zosabisika. Phiri la Bunda limaoneka mosiyana ukaliona uli ku Mitundu ndi pamene uli mumsewu wa M1. Phiri la Nkhoma nalo lili ndi kaonekedwe kakekake, ndipo chakumadzulo kuli mzere wa mapiri a Dzalanyama. Munthu akaona mapiri awiri m'makanema a pakhomo limodzi, amalemba mizere iwiri pa mapu, ndipo pamene mizereyo yakumana ndi pafupi ndi pamene nyumba ili. Zotsala n'zazing'ono: nsanja ya netiweki, thanki ya madzi, mjigo, mtengo wa mango waukulu, chikwangwani cha golosale, denga lofiira la oyandikana nawo. Google Earth ndi yaulere, ndipo madenga a malata amaoneka bwino kuchokera kumwamba.

Makutu nawonso amagwira ntchito. Phokoso la malole osalekeza limasonyeza kuti M1 ili pafupi. Chigayo chimamveka, belu la sukulu limamveka. Azana ikamveka mokweza m'kanema, mzikiti suli patali, ndipo nthawi yadziwika. Komanso pali mawu a anthu amene sakudziwa kuti akujambulidwa: mayi akuuza mwana kuti kiyi aike pansi pa mwala uja, bambo akunena pafoni kuti ndalama za soya alandira Lachisanu.

Mwina wina anena kuti izi n'za anthu otchuka. N'zoona kuti nkhani zimene zimamveka kwambiri n'za otchuka. Kim Kardashian adamubera mphete ya ndalama pafupifupi madola 4 miliyoni ku Paris mu October 2016, mphete imene adali ataionetsa pa intaneti, ndipo mu May 2025 khoti la ku France lidapeza anthu 8 olakwa pa mlanduwo. Ife tilibe mphete zotero. Koma taganizani zimene zili pakhomo pa banja wamba la ku Nathenje mwezi wa June: matumba a soya ndi mtedza, mbuzi za Qurbani m'khola, batire ya sola, njinga yamoto ya kabaza imene mwina ngongole yake sinathe, kabokosi ka ndalama ka mayi amene ndi ejenti wa Airtel Money kapena Mpamba. Kwa banjalo chimenechi ndi chuma chonse. Ndiponso wakuba wa kuno safunika mapiri kapena Google Earth, chifukwa nyumbayo amaidziwa kale, amaidutsa popita kumsika. Chimene sankachidziwa ndi m'kati mwake. Kanema amamupatsa chokhacho chimene chinkamusowa.

Ndipo si katundu yekha. Mtsikana amene amajambula makanema ali m'chipinda chake amaonetsa zenera lake, mbali imene lili, ngati lili ndi zitsulo, ndiponso kutalika kwa mtunda kuchoka pamenepo kufika kuchipinda cha makolo. Yunifomu yopachikidwa pakhoma imanena sukulu, ndipo sukulu imanena njira ndi nthawi imene amadutsa. Mabanja amene muli munthu wachialubino akudziwa bwino kuposa tonsefe chifukwa chake malo ogona mwana si nkhani yoonetsa dziko, poti achiwembu akhala akuthyola nyumba usiku m'maboma angapo m'zaka zapitazi.

Makolo, tisathamangire kuloza ana chala. Makanema oulula kwambiri amene timawaona kawirikawiri sajambulidwa ndi ana. Ndi aja amene timatumizira achimwene ali ku Joni owaonetsa kuti ndalama zawo zagwira ntchito: kuyambira pageti, kulowa pabalaza, chipinda ndi chipinda, uku tikufotokoza kuti muno ndi mogona inu, muno taika katundu munatumiza uja, zenera ili zitsulo sitinaike. Cholinga n'chabwino, ndipo wotumiza ndalama ali ndi ufulu woona. Vuto limayamba kanemayo akachoka kwa munthu mmodzi n'kupita pa gulu la WhatsApp la banja lonse, kenako pa status. Status imafufutika pakatha maola 24, koma amene waikonda amatha kuisunga m'foni mwake mpaka kalekale. Pa nikah ndi pa Eid timachitanso chimodzimodzi, ndipo nthawi zina timajambula m'nyumba ya eni, osati yathu. Paja khoswe wapadenga adaulula wapadzala: kanema wojambulidwa pakhonde panu amaonetsanso khola ndi khomo lakuseri la aneba, amene sanapemphedwe n'komwe.

Pali chinthu china chobisika m'zithunzi zenizenizo. Foni imene yatsegulidwa location imatha kulemba m'kati mwa chithunzi manambala a malo enieni amene chajambulidwira. Mukatumiza pa WhatsApp ngati chithunzi wamba, manambalawo amachotsedwa, koma mukachitumiza ngati document amapita nawo. N'chinthu chanzeru kulowa m'ma settings a kamera n'kutseka zimenezi. Komabe tisadzinamize kuti tikatero tatha, chifukwa zonse tafotokoza pamwambazi sizidalira manambala amenewo.

Sitikunena kuti mafoni alandidwe. Mwana woletsedwa amakajambulira pafoni ya mnzake, ndipo pamenepo palibe amene amaona zimene watumiza. Ena mwa ophunzira athu ali ndi luso lenileni lofotokoza nkhani, kuphika, kusoka kapena kuwerenga Qur'an pa kanema, ndipo lusolo lingadzawadyetse. Chimene tikupempha n'chakuti banja lisankhe malo amodzi ojambulira: khoma lopanda zenera, lopanda chitseko, lopanda galasi, kapena nsalu yopachika kumbuyo. Foni ikhazikike pamodzi, isamayende ndi munthu m'nyumba. Kanema wa paulendo atumizidwe mutabwerako, osati muli komweko, chifukwa kulengeza kuti banja lonse lili ku Mangochi n'kulengezanso kuti kunyumba kulibe munthu. Za live ndiye tikuona kuti mwana wasukulu asachitire m'nyumba, popeza chimene chaoneka kapena kumveka pa live sichibwezeka. Kanema wa achimwene a ku Joni apite kwa iwo okha, ndipo apemphedwe kuti asamupititse kwina. Makiyi asaoneke pafupi ndi kamera, chifukwa mano a kiyi wooneka bwino pa chithunzi angathe kukoperedwa. Ndipo musanatumize, onerani kanemayo kawiri: koyamba mukudziyang'ana nokha monga timachitira tonse, kachiwiri mutaphimba nkhope yanu ndi chala n'kuyang'ana zotsalazo.

Mbali inayo ya nkhaniyi ndi ya ife oonera. Pachikhalidwe chathu munthu salowa pakhomo pa eni osanena odi, ndipo akapanda kuyankhidwa amabwerera. Chipembedzo chathu chimaphunzitsa zomwezo: Surat An-Nur imalamula kupempha chilolezo tisanalowe m'nyumba za ena, ndipo Surat Al-Hujurat imaletsa kufufuzafufuza zinsinsi za anzathu. Ife tikuona kuti mnyamata amene amaimitsa kanema wa mtsikana wa m'kalasi mwake n'kumakulitsa kuti adziwe chipinda chake walowa m'nyumba ya eni popanda odi, ngakhale mapazi ake sanachoke pamene wakhala. Kuti mwini wake adaika yekha kanemayo pa intaneti sizisintha kanthu. Khomo lotseguka si chilolezo. Kusiyana kwa iye ndi atolankhani a ku Njewa n'koonekeratu: iwo ankafufuza munthu wozunza ana kuti chilungamo chichitike, ndipo adachita poyera, ndi mayina awo.

Malamulo a dziko nawonso salekerera. Gawo 21 la malamulo aakulu a dziko lino limapatsa munthu aliyense ufulu wosunga zinsinsi zake, kuphatikizapo za pakhomo pake. Lamulo la Electronic Transactions and Cyber Security Act la 2016 limaika pa milandu kuvutitsa, kuopseza ndi kulondalonda munthu kudzera pa intaneti, ndipo mu 2024 padabweranso Data Protection Act. Wophunzira amene walandira uthenga wochokera kwa munthu wosamudziwa wonena kuti ndikudziwa pamene umakhala, asayankhe ndipo asafufute. Ajambule uthengawo, auze kholo kapena mphunzitsi tsiku lomwelo, ndipo nkhaniyo ipite ku Victim Support Unit ya polisi. Nambala ya 116 ndi yaulere kwa ana ofuna thandizo. Makolo, mwana akabwera ndi nkhani yotere, kumukalipira kudikire. Mukayamba ndi ukali, ulendo wina sadzanena.

Kwa akomiti ya mzikiti tili ndi pempho limodzi. Tikamajambula makanema opempha thandizo la chitukuko kapena oonetsa zimene tagula, tiyeni tipewe kuonetsa pamene pamakhala bokosi la zopereka, chipinda chosungira amplifaya ndi mabatire, ndi mtundu wa maloko a pazitseko. Makanema a ana a madrasa asamaonetse nkhope pamodzi ndi mayina ndi nthawi imene amaweruka, ndipo makolo awo azifunsidwa kaye.

Ntchito ya sabata ino ya Fomu 2 mpaka Fomu 4 ndi iyi. Mukhale awiriawiri. Mphunzitsi ajambula kanema wa masekondi 30 wa m'kalasi mopanda anthu, ndipo gulu lililonse lijambule mapu a kalasiyo pogwiritsa ntchito kanemayo yekha, pa sikelo ya sentimita imodzi kuimira mita imodzi. Muonetse zitseko, mazenera ndi muvi woloza kumpoto, ndipo mulembe chimene chakuuzani kuti kumpoto ndi kumeneko. Mukatha tidzayeza kalasiyo ndi tepi kuti tione amene wayandikira. Gawo lachiwiri n'la kunyumba, ndipo muchite pamodzi ndi kholo: tengani makanema atatu amene adatumizidwapo kuchokera pakhomo panu, kaya adajambula ndinu kaya ndi akuluakulu, n'kujambula mapu a zokhazo zimene zikuoneka m'makanemawo. Osagwiritsa ntchito makanema a nyumba ya wina aliyense. Mapu a kunyumbawo musabwere nawo kusukulu ndipo musawajambule pafoni. Mukakambirana ndi makolo, ang'ambeni, ndipo Lolemba mudzangobweretsa chiwerengero cha zipinda, zitseko ndi mazenera amene mudatha kuwapeza.